Atsibweni a Zuze, otsogolera njinga

Atsibweni a Zuze tawaika m'manda mwezi wathawu, mapira atangoyamba kufiira. Pamaliro anthu analankhula zambiri, ine ndili kumbuyo kuyang'ana pakamwa pawo. Ena amene ankalira mokweza ndi omwe aja ankawatcha galu wa mzungu. Mkulu wina anaimirira n'kunena kuti malemuwa anali munthu wopanda chinyengo. Limenelo ndi bodza. Chinyengo anali nacho chochuluka, ndipo pakanapanda chinyengocho mwana wanga Khembo bwenzi mafupa ake ali kutchire la eni. Ndiye ndati ndinene zimene ndinaona ndi maso angawa, poti zakumva ine sindisunga.

Anali mlongo wa amayi anga, chitsirizira m'mimba mwa agogo, moti msinkhu sanandipose kwenikweni. Anali aafupi, a miyendo yowonda ngati ya kakowa, ndipo ankayenda mutu uli pansi. Ukawapatsa moni ankayankha akuyang'ana mapazi ako, kenako n'kukuuza kumene wachokera: dothi lakuda ndi la kudimba, mchenga woyera ndi wa mumtsinje wa Mwanza, katondo ndi wa kumapiri. Khalidwe limenelo silinkandisangalatsa. Munthu wodziwa kumene wachokera usanamuuze, mawa akauza wina.

Ntchito yawo inali kutsogolera njinga. Masiku ano njinga zayamba kuchuluka, aphunzitsi ndi akalaliki ali nazo, koma pamene atsibweni ankayamba zinali za azungu okha: a thonje, a mishoni ndi a boma. Mzungu pa njinga m'tchire lathu lino anali ngati khanda. Sankadziwa njira ya minga, sankadziwa mchenga womeza mwendo, sankadziwa dooko la ng'ona. Tsono pankafunika munthu wothamanga patsogolo, wosankha njira, wonyamula njingayo paphewa pooloka madzi. Munthu ameneyo anali a Zuze.

Njira zonse za chigwa chino zinali m'mutu mwawo, iliyonse ndi nyengo yake. Kuchoka ku Chiromo kupita ku Chikwawa, m'chilimwe ankadutsitsa m'mbali mwa Shire, pamene dothi lauma n'kung'aluka. Mvula ikagwa dothi lomwelo limamatirira m'magudumu mpaka njinga kuima chilili, ndiye ankakhotera m'munsi mwa mapiri, njira yotalika koma yamiyala. Yopita kwa Chapananga ankatsata Mwanza, osalowa mumchenga, kungoyenda pamtunda pamene ng'ombe zaponda n'kulimbitsa. Za chitunda chokwera ku Thyolo ankati ndi kumene njinga imakwera munthu. Ankakonda kunenanso kuti njinga ilibe chinsinsi. Phazi limaponda apa n'kudumpha apo, koma gudumu limasiya mzere umodzi wosaduka kuchoka pakhomo mpaka kumene wagona.

Chodabwitsa, iwo eni sanakwerepo njinga. Ankaitsuka, ankaipopa, ankamata matayala ndi utomoni wa mpira wa kutchire, tayala likang'ambika kwambiri ankalidzaza udzu wouma. Koma kukhalapo ayi. Ankati munthu akakhala pamwamba amasiya kuona pansi, ndipo wosaona pansi ndi wakufa kale. Akazi awo, amene anatsogola kalekale, ankadana nayo njinga ngati mkazi mnzawo. Tsiku lina anakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, kuyenga mafuta odzola odzaza kansupa. M'mawa anapeza nsupa ili pululu, mafuta onse apita ku tcheni cha mzungu. Ndewu yake inamveka mpaka kudimba.

"Ndiye mukagone nayo njingayo, ikuphikireni!" anatero akazi awo.

"Iyo siyankha," anatero atsibweni, uku akununkhiza fodya.

Ine ndi iwo tinkakangana pa chinthu chimodzi chokha, koma tinakangana nacho zaka zonse. Panali azungu ena amene ankakwera njinga popanda maliro, popanda mlandu, popanda chogula. Akuti kukangoona dziko. Amakwera phiri thukuta lili kamukamu, afika pamwamba, aima, ayang'ana mtsinje, abwerera. Ine zimenezo sindinazivomere mpaka lero. Palibe munthu amatopa chifukwa cha maso okha.

"Atsibweni," ndinkatero, "mzungu akaona phiri, amapita nalo kuti?"

"Amalisiya pompo."

"Bodza. Maso a mzungu ali ndi manja. Kumene mwapita naye chaka chino, chaka chamawa kumafika amsonkho."

"Iwe Naphiri, unabadwa ukukayikira mkaka wa amako."

Mwina n'zoona. Koma kumene ankapita nawo kunkafikadi amsonkho.

Amene anawadziwa atsibweni m'zaka zomalizazi sangakhulupirire kuti ankathamanga. Anawaona akukwawa ndi ndodo, zala za kuphazi lamanzere zitatha, msana uli ndi mizere. Ana ankayesa kuti anabadwa choncho. Ayi. Mapazi amenewo anawasiya ku nkhondo ya azungu ya kumpoto, kumene anapita atakalamba kale, kukasenza katundu wa asilikali. Chimene chinawapititsa kumeneko ndi chimene ndikufuna kunena.

Nkhondoyo itakula, boma linkagwira amuna kuti akakhale amtengatenga. Oyamba kupita anabwerako ochepa, ndipo obwerawo anali mafupa okhaokha. Ndiye amuna a m'mudzi mwathu anathawira kumapiri a kumadzulo, kuseri kwa dera la Chapananga, m'khwawa lina limene dzina lake sinditchula ngakhale lero. Khembo wanga anali komweko. Anali atangokwatira mtsikana wachisena, Nyathando, ndipo mwana wawo woyamba anali kumsana. Akazi tinkapititsa chakudya mosinthana, aliyense payekha, ngati tikupita kunkhuni. Atsibweni sitinawauze malowo. Ndine ndinaletsa. Munthu wodya pakhonde la mzungu, ngakhale akhale mwini mbumba, lilime lake silikhala lake.

Kunafika nthawi amuna aja anasamuka, kukwera m'khwawa lina lapafupi ndi mathithi, chifukwa kumene anali madzi anaphwa. Nyathando ankadziwa malo atsopanowo, ine ayi. Tinapangana kuti iye atsogole m'mamawa, ine nditsatire dzuwa litakwera ndi dengu la ufa wa mapira ndi milamba youma. Ndinamufunsa kuti nanga ndikaidziwa bwanji njira. Anati, "Musadandaule, amayi, mukaona."

Ndinaonadi. Pali mphambano ina pansi pa mlambe, pamene njira imagawika patatu. Nditafika pamenepo ndinaima. Mwanayo anachita zimene aliyense wa ife amachita akamatsogolera mnzake: anathyola masamba aawisi n'kutseka njira ziwiri, ya kumanja ndi ya kumanzere, n'kusiya yapakati yotseguka. Kwathu kuno ndi mwana yemwe amadziwa kuti njira yogonekedwa masamba siyako, uyende yotsegukayo. Anachita mwaulemu, kuti apongozi ake asasochere. Koma ndi ulemu womwewo anauza aliyense wa maso kuti m'mawa uno wina wadutsa apa, wina akumutsatira, ndipo onse akulowera uku.

Ndinatula dengu kuti ndichotse masambawo. Ndisanawakhudze ndinamva belu la njinga.

Amene anatulukira pakhota ndi atsibweni, ali wefuwefu, nsalu atakwinyira m'chiuno. Anaima. Anayang'ana masamba, anayang'ana dengu, anayang'ana mapazi a Nyathando amene anali mbee pafumbi la njira yapakati. Nkhope yanga sanaiyang'ane n'komwe. Ndinati basi, lero tagulitsidwa. Belu linaliranso, pafupi kwambiri.

Atsibweni anawerama, anakokolola masamba a njira ya kumanzere, n'kuwaponya panjira yapakati. Kenako anaponda pomwepo, pamwamba pa mapazi a mwanayo, n'kuyamba kukanda mwendo ngati walumidwa ndi linthumbu.

Njinga zinali ziwiri. Patsogolo mzungu wogula thonje, wofiira ngati tsabola, chipewa chili pamphuno. Anali atamva kuti kumapiriko kuli mathithi okongola, ndipo ankafuna akawaone. Kumbuyo kwake kapitawo wake Jonasi, munthu wa kumtunda, wa nsapato ndi ndevu zosongoka. Ameneyu tonse tinkamudziwa. Masana ankayeza thonje, koma amesenjala a boma akabwera kudzagwira anthu, ndi iye ankaloza zitseko.

Jonasi anatsika panjinga pang'onopang'ono. Anatola tsamba limodzi, analipinda, linatuluka madzi.

"Watseka njira ndani?"

"Ndine, a kapitawo," anatero atsibweni.

"Masamba awa ndi a m'mawa uno, madala. M'mawa uno unali nafe, ukupopa matayala."

"Ndinatuma uyu, mwana wa mlongo wanga. Ndinamuuza dzulo kuti bwana akufuna mathithi, atsogole akatseke njira zosokoneza. Taonani m'mene watsekera, ngati nkhuku yafukula. Iwe Naphiri, manja amenewo ndi a ntchito yanji? Amako anakulera ndi chiyani?"

Sanandinyozepo choncho chibadwire. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinati pepani atsibweni.

Jonasi anavundukula dengu ndi nsonga ya nsapato.

"Ufa wonsewu? Milamba yonseyi? Mayi, kuli ukwati kutchire kuno?"

"Ndi kamba wathu," anatero atsibweni. "Inu a kapitawo mumadya ngati anthu atatu, dziko lonse likudziwa. Ndinaopa manyazi."

Mzungu anaseka, ngakhale sindikhulupirira kuti anamva zonse. Jonasi sanaseke. Ankayang'ana pamene atsibweni aponda.

"Tasuntha pamenepo, madala."

"Linthumbu, a kapitawo, musayandikire. Ladzaza apa." Anayamba kupondaponda, kudzimenya m'miyendo, fumbi koboo. Atachokapo panalibe phazi la munthu wina koma awo okha.

Mzungu anatopa nazo. Analiza belu, analoza dzuwa. Atsibweni anandikalipira kuti ndisenze dengu ndizitsatira, ndipo tinalowa njira ya kumanzere, imene sipita kumathithi alionse.

Njira imeneyo imakwera m'mbali mwa phiri, ndipo yokongola ndi yokongoladi, ndisanamepo. Umakwera pakati pa miyala ikuluikulu ndi mitengo ya njale yoyera mbuu, kenako tchire limatseguka, chigwa chonse n'kugona pansi pako. Mwanza amaoneka ngati nsalu yoyera yoyanikidwa pakati pa midzi. Kutali Shire amanyezimira, akupindapinda kulowa m'madambo, ndipo kutsidya kwake mapiri a Thyolo amaima obiriwira modera ngati mtambo wa mvula. Mzungu anatsika panjinga, anavula chipewa, anangoti kukamwa yasa.

Ine sindinkayang'ana zimenezo. Kudzanja lamanja, kuseri kwa chitunda, kunkakwera kautsi kowonda ngati ulusi. Amuna athu anali atasonkha moto, podziwa kuti ufa uli m'njira. Zitsiru. Atsibweni anakaona kautsiko, ndikudziwa, chifukwa anayamba kulongolola ngati aledzera. Anamugwira Jonasi pamkono n'kumutembenuzira kum'mawa.

"A kapitawo, inu odziwa chizungu, tamuuzani bwana. Paja pakuwala paja ndi pa Chikwawa. Apo pali mitengo yakuda ndi padooko. Uko kukuoneka utsi wambiri ndi sitima ya pamadzi ikukwera ndi katundu. Muuzeni bwinobwino, asaphonye."

Jonasi ankamasulira, koma khosi lake linkafuna kubwerera kumbuyo. Likati litembenuke, atsibweni aloza china. Likatinso litembenuke, afunsa dzina lachizungu la mvuu. Ine ndinasuntha ndi dengu langa pamutu n'kukaima mbali ya utsiyo. Dengu ndi laling'ono, thambo ndi lalikulu, koma munthu umachita zimene ungathe.

"Mathithi ali kuti?" anafunsa mzungu.

"Pafupi, bwana. Titsike apa."

Potsika pake m'pamene anachita chinthu chimene chinawadya. Njirayo ikafika m'munsi imagawikanso. Ina imazungulira n'kukatulukira kumtunda kwa khwawa lija, pamene munthu angamve ngakhale chifuwa cha wobisala. Ina imalowa m'nkhalango ya mitethe, kumene ngakhale mbuzi zimayenda mosankha. Atsibweni, amene moyo wawo wonse ankatola minga patsogolo pa gudumu ndi zala, anathamangira mumitethemo osacheuka. Njinga zinatsatira motsetsereka. Ndinamva kuphulika, kenako kufwisa, kenako mzungu akutukwana m'chinenero chake. Nditafika ndinapeza matayala onse ali phwa, minga yoyera ili ngati nungu. Mapazi a atsibweni ankatuluka magazi.

"Ndasochera, bwana," anatero. "Ukalamba."

Jonasi anawatembenukira.

"Iwe? Kusochera? Madala, ndakuona ukupeza njira pa mwala. Bwana, tibwerere njira yomwe tadzera. Ndikufuna ndikaonenso pamlambe paja."

"Kubwerera ndi kukwera phiri lonse lija, njinga zili paphewa, dzuwa ili," anatero atsibweni. "Kutsika ndi pafupi, Mwanza ali apa. Koma mwini ulendo ndi bwana."

Mzungu anayang'ana kumtunda, anapukuta khosi, analoza kumunsi. Sindinapumepo mpweya wokoma ngati umenewo.

Tinatsikira mumchenga wa Mwanza dzuwa lili paliwombo. Atsibweni anasenza njinga ya mzungu, Jonasi anakankha yake, ine dengu. Pamthunzi wina anandiuza ndiphike, ndipo ndinaphika. Ufa wa mwana wanga anadya Jonasi, milamba ya mwana wanga anatafuna Jonasi mpaka mitu, akundiyang'ana m'maso. Anandifunsa kuti mwana wanga wamwamuna ali kuti. Ndinati anapita kwa Apwitikizi kukafuna ntchito. Anati, "Amuna onse a mudzi wanu Apwitikizi awakonda."

Titafika pamudzi woyamba anandilola kubwerera. Atsibweni pondipatsa dengu ananena motsitsa, maso ali pansi monga mwa masiku onse.

"Mbuzi zako zaonda, Naphiri. Mawa uzikweze njira tadzerayi, nyemba za mitethe zagwa zambiri."

Ndinayenda ndikutafuna mawuwo. Mwina unali msampha, kuti Jonasi akandipeze komweko. Koma ndinakumbukira mzere wa gudumu, umene unali utagona kuchoka pa Mwanza, kukwera phiri, mpaka pamlambe. Kutacha ine ndi Nyathando tinasonkhanitsa mbuzi zathu ndi za anansi, tinazikweza njira yonseyo, tinazizunguliza pamphambano mpaka fumbi linasanduka ufa. Nyathando ankalira njira yonse. Ndinamuuza kuti misozi sifafaniza kanthu, amenye mbuzi. Kenako anathamanga kukauza amuna kuti azimitse moto, asamukire kutali.

Jonasi anabweradi ndi amesenjala. Anapeza ziboda za mbuzi ndi ndowe.

Mkwiyo wake unagwera atsibweni. Anawakwapula ndi chikoti pabwalo la thonje chifukwa cha matayala, kenako Jonasi anakanena ku boma kuti munthu wosenza njinga paphewa sangalephere bokosi la zipolopolo. Anawatenga imvi zili mbuu. Khembo atamva anafuna kutsika kuti akalowe m'malo mwawo. Ndinamutumizira mawu kuti akatsika ndikamwa mwavi pamaso pake. Sanatsike.

Nkhondo itatha atsibweni anabwera atagonekedwa m'bwato. Amuna athu anali atatsika kale kumapiri, onse amoyo. Ndinapita kukawaona ndi phala la mapira. Ndinadikira anthu atuluke, ndipo ndinafunsa.

"Atsibweni, tsiku lija pamlambe. Munadziwa liti?"

"Kudziwa chiyani?"

"Musandiyese mwana."

"Ndinasochera, Naphiri. Phalali mchere mulibe."

Mawu awo anakhala omwewo mpaka imfa. Anauza Khembo zomwezo, anauza abusa zomwezo. Jonasi anali akadali pasikelo ya thonje, ndipo mpaka pano ali pomwepo, tsono mwina ankaopa kuti nkhani ikamveka mlandu udzuka. Mwinanso ankandibwezera chifukwa chowabisira. Sindidziwa, ndipo sindinena zimene sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti dzina lawo linasintha. Amene ankawatcha galu wa mzungu anayamba kuwatcha Wosochera. Anyamata ogula njinga zatsopano akamadutsa pamsewu wa pakhomo pawo ankaliza belu n'kukuwa, "Agogo, njira ya kumathithi ndi iti?" Iwo ali pakhonde ankangokweza ndodo n'kuloza kulikonse, anyamatawo n'kumaseka. Ena mwa oseka aja abambo awo anali m'khwawa lija.

Titameta maliro, nyumba yawo tinaigwetsa monga mwa mwambo. Mzati wapakati anazula ndi Khembo, yekha, anakana kuthandizidwa. Udzu tinatentha, mitengo anthu anagawana.

Chatsala ndi bwalo lozungulira la dothi lotsindira, losalala, lopanda ndi udzu womwe. Mafuwa atatu akadali pamalo pake, akuda. Pamene panali mzati pali dzenje, nkhuku zimasambamo fumbi. Pamene panali khomo pali mwala wafulati woyang'ana kumsewu, wonyezimira pakati chifukwa chokhalidwa. Ana a Khembo ndawaletsa kusewera pamenepo. Madzulo ano ndinali kupeta mapira chapafupi, njinga ina inatsika kuchokera ku Chikwawa. Itafika pamalopo inaliza belu, mwa chizolowezi. Wokwerayo anatembenuka kuti akuwe, anapeza palibe khonde, palibe ndodo. Anatseka pakamwa n'kupalasa.